Ndondocha ya M'galasi

Alamu anga a Rafaelo ali ndi dzina la ubatizo, koma mtima wawo udatsalira kudambwe. Ndidazidziwa tsiku la ukwati wathu lomwe, pamene adakhala kumbuyo kwenikweni kwa tchalitchi atakwinya nkhope ngati amwa mankhwala a malungo. Sindidadane nawo. Munthu aliyense ndi chikhulupiriro chake. Chimene sindidadziwe n'chakuti chikhulupiriro chawocho tsiku lina chidzaima pakhomo panga ndi machesi m'thumba.

Amuna anga a Levison, mng'ono wawo wa a Rafaelowo, adamwalira mvula itangokata m'chaka cha 1998. Adadwala nthawi yaitali. Amenewo ndiwo mawu amene adanenedwa pamaliro, ndipo aliyense adagwedeza mutu osafunsa zambiri, poti masiku amenewo mawu omwewo ankanenedwa pamaliro ambiri kuno ku Bembeke. Adandisiyira ana awiri, Zilole ndi kamng'ono kake Madalitso, munda wa kachewere, jekete lalikulu laubweya, ndi kompyuta.

Kompyutayo ifunika kuifotokoza. Matipati atangobwera, mabungwe adamera kuno ngati bowa wa pachulu. Lina linali lochulukitsa mbewu ya kachewere, ndipo a Levison adalembedwa ukalaliki kumeneko. Bungwelo litapakira katundu, lidawasiyira kompyuta yaing'ono yopinda ngati buku, sola ya padenga ndi batire. Adandiphunzitsa kutayipa ndi zala ziwiri, moti nyimbo za kwaya ndi makadi a ukwati a dera lino ankatuluka m'manja mwanga. Inkakhala kuchipinda chogona, chifukwa a Levison ankati maso a anthu ndi zala za ana n'zimodzi, zonse zimaononga.

Mzungu wina wa bungwelo adatijambula kumunda tsiku la chionetsero, n'kuika chithunzicho m'kati mwa kompyuta. Ukangoiyatsa tinkaoneka awirife: a Levison pakati, padzuwa, atavala shati yoyera, mano onse pamtunda, ine pambali pawo mumthunzi wa mtengo wa pichesi. Chithunzi china cha amuna anga ndinalibe.

Tsono maliro atangotha, galasi la kompyutayo lidayamba kufiira ngati diso la munthu amene walira kwambiri. Kenaka lidayamba kuphethira. Tsiku lina lidangoti bii, osayakanso. Makinawo ankalirabe m'kati ukawayatsa, koma pagalasi panali mdima wokhawokha. Ndinkaiyatsabe m'mawa uliwonse, kaya ndinkayembekeza chiyani.

A Rafaelo adabwera kuchokera kwawo ku Kasina m'mwezi wa Juni, kudzaona katundu wa malemu. Chisanu cha chaka chimenecho chidandilowa m'mafupa. Ndinali ndi chifuwa chosamva mankhwala, ndipo jekete la a Levison ndinkalivala usana wonse, pamwamba pa majuzi awiri, mpango nditakulunga mpaka m'masaya. Adandiyang'ana kuchokera kumutu mpaka kumapazi.

"Umasiye ukukuyanjani, alamu," adatero. "Mwachita kudzaza pakhomo."

Ndidangoti zikomo. Ndidawatulutsira zonse pabalaza, nsapato, wailesi, njinga, ndipo pomalizira kompyuta. Ndinali nditaiyatsa kale monga mwa chizolowezi changa. Adaitsegula okha patebulo la pawindo. Nthawi yomweyo chifunga chidang'ambika panja, dzuwa n'kulowa chopendekera, n'kugwera pagalasi lakudalo.

Ndidamva mpando ukugwa. A Rafaelo anali ataimirira, msana atatsamira khoma.

"Levison!"

Ndidasuzumira pagalasipo. Anali momwemo. Pansi pa mdimawo, ngati munthu amene ali pansi pa madzi a chithaphwi, panali shati yotuwa, maso awiri ndi mano. Ukasuntha mutu pang'ono ankasowa, ukabwerera ankabweranso. Ine mwini wake, amene ndinkachidziwa chithunzicho, ndidachita chizindikiro cha mtanda.

"Ndi chithunzi, alamu," ndidatero. "Mzungu uja adachiikamo."

"Chithunzi chimakhala papepala. Chithunzi sichibisala munthu akachiyang'ana." Adaloza galasi ndi chala. "Tamverani, chikupuma. Levison! Tayankhula, mphwanga!"

Makinawo ankangolira pansipansi. A Levison ankangoseka mumdimamo.

"Sangayankhe," a Rafaelo adanong'ona. "Mudamudula lilime."

Apa m'pamene ndidamvetsa kumene nkhani ikulowera, ndipo thukuta lidandituluka pakati pa chisanu. Mwana aliyense kuno amaidziwa ndondocha. Amati munthu wofuna chuma amapha m'bale wake m'matsenga, anthu n'kukwirira chipika, iye n'kumusunga mwini wakeyo kuchipinda atamudula lilime, kuti azimugwirira ntchito. Wosungayo amalemera, amanenepa, minda yake imabereka anzake akulira. Ndipo kachewere wanga chaka chimenecho adachita bwino kuposa wa wina aliyense, chifukwa a Levison adasiya mbewu yabwino ya bungwe lija. Koma ndani akadamva zimenezo?

"N'chifukwa chake chinkakhala kuchipinda," adatero a Rafaelo. Adatola chipewa chawo. "Ndikupita kukauza abale. Mwezi uno ukamatha tibwera. Mumutulutse mphwanga akagone. Mukakana, nyumba ino tiyatsa, atulukire mu utsi."

Katundu yense adamusiya. Ngakhale njinga, imene ankaisirira kuyambira kale, sadaikhudze.

Sindidziwa kuti adayankhula ndi ndani panjira, koma pofika madzulo mudzi wonse unali utamva. Kumjigo, amayi amene tinkaimba nawo kwaya adachotsa ndowa zawo pamzere kuti nditunge msanga ndizipita. Ulemu wotero sindidaulandirepo. Ku Chimbiya, kumene ndinkagulitsa kachewere m'mbali mwa msewu, mnzanga wina adanong'oneza woyendetsa minibasi, ndipo munthuyo adabweza thumba limene anali atakweza kale. Zilole adabwera kuchokera kusukulu diresi litang'ambika. Adandifunsa ngati n'zoona kuti atate ake amalima m'munda mwathu anthu akagona.

Ndidapita kwa achimwene anga a Alufeo, amene ali nkhoswe yanga. Anthu abwino, koma mtima wawo ndi wa nkhuku.

"Mlongo, ingotaya chinthucho m'chimbudzi," adatero.

"Ndikataya adzati ndamubisa."

"Nde uwapatse achiphwanye."

"Akaphwanya adzati zinali zoona. Ana anga adzakhala ana a mfiti mpaka kumanda."

Adakanda m'mutu, n'kuyamba kunena za mvula ya chaka chatha. Ndidawasiya. Tonse tinkakumbuka za mayi wina wa kutsidya kwa dambo, amene nyumba yake idapsa chaka chapitacho pa nkhani ngati yomweyi. Apolisi adafika phulusa litazizira. Anthu ankati ino ndi nthawi ya ufulu, ndipo ena ufuluwo adaumva ngati ufulu wa machesi.

M'mawa wina ndikutsegula chitseko ndidapeza mtolo wa udzu wouma utatsamizidwa pakhoma, pansi pa denga. Unkanunkha parafini. Sunali woyatsa, unali uthenga chabe. Ndidauchotsa ana asadadzuke. Tsiku lomwelo ndidakulunga kompyuta m'chitenje, n'kuibereka kumsana ngati mwana, ulendo wa ku Dedza boma.

Kuseri kwa msika kunali a Timoteyo, okonza mawailesi ndi ma TV, bambo wamfupi wonenepa amene ankayankhula ndi zinthu zimene akukonza. Adaiyatsa, n'kutenga tochi, n'kuwalitsa pagalasi chapambali. A Levison adatulukira mumdima muja. Ndidagwira tebulo.

"Moni bwana," a Timoteyo adapereka moni kwa chithunzicho. "Amayi, apa palibe chovuta. Galasi ili silidziwalitsa lokha. Kumbuyo kwake kuli kanyali, kachubu kowonda ngati udzu. Kameneko ndi kamene kapsa. Zonse zili momwemo, kungoti muli mdima, ngati nyumba yopanda nyali."

Ndidafuna kuwagwadira. Koma adali asadamalize.

"Njira zilipo ziwiri. Yosavuta ndi iyi." Adamenya ndi chikhato chibokosi chachikulu chonga TV chimene chinali pashelefu. "Galasi lina. Timangolumikiza chingwe kumbuyoku, basi, lero lomwe muziona zonse. Lakufali mungolitseka, muliiwale. Inayo ndi yosintha kanyaliko. Ndiyenera kukafunafuna ku Lilongwe, kaya kapezeka kaya ayi. Ndipo posegula, galasili ndi lopyapyala ngati chikhokho cha dzira. Likangoti the, kwatha. Ine ndikadakhala inu, ndikadatenga chibokosichi."

Ndidachiyang'ana chibokosicho. Ndidaganiza za a Rafaelo ataima pabalaza panga, akuona a Levison owala m'bokosi latsopano, kenaka n'kutsegula galasi lakale, n'kuwapezamonso mumdima muja. Akadati tsopano ndondocha zakhala ziwiri.

"Ayi bambo," ndidatero. "Liyake lomweli. Ndipo mukalikonzere kwathu, anthu akuona."

Adandiyang'ana modabwa, choncho ndidawafotokozera zonse. Ndinkayembekeza kuti aseka. Sadaseke. Adazimitsa tochi yawo, n'kuchotsa dzanja pa kompyuta pang'onopang'ono.

"Nanga likakasweka pamaso pawo?"

"Ndiye kuti ndapsa."

"Tapsa," adatero. "Chabwino. Koma mundiikire mpando pafupi ndi khomo."

Masiku odikira aja sindifuna kuwakumbukira. Ana ndidawatumiza kukagona kwa achimwene. Ndinkati ndikamva njinga panjira, ndinkathamangira pawindo. Chakudya chinkandikanika, chifuwa chidakula, ndipo ndinkati zonsezi ndi mantha. Choipa kwambiri n'chakuti nanenso ndidayamba kuliopa galasi lija. Ndinkadziwa za kanyali, a Timoteyo adandionetsa ndi tochi, komabe ndikalowa kuchipinda ndinkaliphimba ndi nsalu. Mawu a anthu ambiri ali ndi mphamvu. Ukawamva tsiku ndi tsiku umayamba kudzifunsa ngati sudachitedi kanthu kutulo.

Uthenga udabwera ndi kondakitala wa minibasi kuti kanyali kapezeka, kochotsedwa m'kompyuta ina yakufa. Ndidatumiza mawu ku Kasina.

Adafika Loweruka m'mawa, chifunga chisadachoke. A Rafaelo adabwera ndi amuna anayi a kwawo, mmodzi atanyamula chigubu cha parafini chimene sadachibise n'komwe. Anthu a m'mudzi mwathu adadzaza pabwalo, atafunda mabulangete, ena atanyamula ana paphewa kuti aone bwino. Achimwene a Alufeo adaima kutali, pafupi ndi khola, ngati adangodutsa. M'nyumba tidalowa atatu, ine, a Rafaelo ndi a Timoteyo, koma pawindo panali mitu yokhayokha.

Ndidawathirira tiyi a Rafaelo. Adamwa pang'ono, n'kuika bokosi la machesi patebulo pambali pa kapu.

A Timoteyo adayala nsalu yoyera, n'kuyamba kumasula timisomali tating'onoting'ono, n'kumatiika m'mbale. Tsiku limenelo sadayankhule ndi makina. Thukuta linkatsika pamphuno pawo. Atachotsa chimango cha pulasitiki kudamveka kuti the, ndipo panja mayi wina adakuwa.

"Ndi pulasitiki chabe," a Timoteyo adatero, mawu atauma. "Galasi lili bwino."

Adasolola kachubu kakufa, kakuda nsonga zonse ziwiri, n'kukapereka kwa a Rafaelo. "Kagwireni, akulu. Nyali yake ndi imeneyi. Yapsa ngati babu."

A Rafaelo sadakagwire. "Ndaona zithumwa zochepa kuposa pamenepa," adatero.

"Amayi, ndithandizeni," a Timoteyo adatembenukira kwa ine. "Mugwire galasili m'mbali, chilili, lisapendekeke. Koma jekete ilo muvule. Ubweya wake ukagwera m'katimu uzioneka mpaka kalekale. Majuziwonso, akuyoyoka. Pindani manja a bulauzi."

Sindidaganize kanthu. Ndidavula jekete, majuzi onse awiri, ndipo mpango udatsetsereka nawo limodzi. Chisanu chidandimenya pakhungu. Ndidagwira galasi ndi manja awiri, ndikuletsa chifuwa chimene chinkandikanda pakhosi, chifukwa ndikadatsokomola likadagwa. Ndidapemphera kwa Amayi Maria, kwa a Levison, kwa aliyense amene akadamva. A Timoteyo adalowetsa kachubu katsopano ngati munthu woika ulusi pasingano. Adalumikiza timawaya, n'kupukuta manja pathalauza.

"Musasiye, amayi. Tiyese tisadatseke."

Adadina batani. Makina adalira. Galasi lidakhala lakuda, lakudabe, ndipo ndidamva chigubu chija chikugunda pakhonde. Kenaka lidaphethira kamodzi, n'kuyera.

Munda wonse udalowa m'nyumba. Masamba obiriwira a kachewere, maluwa ake oyera, thambo, phiri kumbuyo, chikwangwani cha bungwe chili apo. A Levison pakati, shati yoyera, akuseka padzuwa ngati munthu amene sadzafa. Pawindo anthu adati aaa, wina n'kuseka. "Ndi chithunzi ichi! Si tsiku la chionetsero lija? Ine ndinalipo!" Mawuwo adayenda pabwalo, ndipo amene dzulo ankachotsa ndowa pamjigo ndiwo ankakuwa kwambiri kuti ankadziwa kale.

Misozi idatsika. Ndidati ndapulumuka. Ndidatembenukira kwa a Rafaelo kuti ndione manyazi awo, ndipo ndikuvomera, ndinkafuna kuwaona akumira nawo.

Koma a Rafaelo sankayang'ana mng'ono wawo. Ankayang'ana pambali pake, pamthunzi wa pichesi, pamene mdima uja unkabisa. Pamenepo panali mayi wa masaya odzaza, khosi lamizeremizere, mikono yonenepa yothina m'manja mwa bulauzi. Bulauzi yake inali yomweyi ndidavalayi. Maso a alamu anga adachoka pa mikono ya mayiyo n'kubwera pa mikono imene inkagwira galasi. Adakwera pakhosi panga, pa mafupa a m'mapewa, pamasaya, pa tsitsi langa limene lidayamba kufiira ndi kupyapyala. Adabwereranso pachithunzi.

Nanenso ndidayang'ana. Zala zanga zinali pafupi ndi nkhope ya mayiyo, ngati timitengo. Walira mvula walira matope. Ndidapempha kuwala, ndipo kudabwera konse.

Chifuwa chija chidandipambana. A Timoteyo adalandira galasi msangamsanga, ine n'kutsokomola mpaka kugwira khoma.

"Alamu," a Rafaelo adayankhula motsitsa, mawu amene sindidawamvepo kwa iwo. "Chifuwachi chidayamba liti?"

"Ndi chisanu," ndidatero.

"Eya," adatero. "Levison nayenso ankati ndi chisanu."

Adatola machesi awo n'kuika m'thumba. Adatuluka pakhonde, ndipo ndidawamva akuuza anzawo. "Tiyeni. Mulibe ndondocha muno. Wosunga ndondocha saoneka chonchija." Wina adafunsa kuti nanga mphwanu adafa ndi chiyani. A Rafaelo adangowapatsa msana.

Adabwereranso pakhomo kudzatsazika. Ndidatambasula dzanja. Adaliyang'ana, n'kuomba m'manja mwawo mwaulemu, chapatali. Kapu ya tiyi imene adamwera ija adaiyang'ananso kawiri, n'kupukuta pakamwa ndi mkono wa malaya.

"Za ana mudzatiuze nthawi ikadalipo," adatero. "Sukulu ku Kasina iliko."

Nyumba yanga sidapse. A Timoteyo adabwezera timisomali tonse, adati galasilo likhala zaka zambiri, ndipo ponena zimenezo sadandiyang'ane kumaso. Anthu adabalalika. Amayi a kwaya adandilonjera mokoma kwambiri potuluka, mokoma ngati mmene tinkawalonjerera a Levison miyezi yomalizira ija.

Masana ana adabwera kuchokera kwa amalume awo. Ndidavalanso jekete, n'kuwaitanira kutebulo kuti aone atate awo. Zilole adangoima, akuyang'ana. Ndi wamkulu, amaona zambiri. Madalitso adakwera pampando, n'kuika chala pagalasi.

"Ababa!" adakuwa. Adaseka, n'kusuntha chala chija kupita pamthunzi wa pichesi. Adayang'anitsitsa, n'kutembenukira kwa ine.

"Amayi, nanga awa ndani?"